Munda Woyandama

Mtsinje wadya nyumba yanga katatu.
Ulendo wachinayi sindiuwerengera
poti ndinaiphwasula ndekha madzi asanafike.
Msomali uliwonse ndinauzula n'kuumanga pansonga ya nsalu,
malata khumi ndi limodzi ndinawakweza m'bwato la Mofizul,
ndipo chigumula chitabwera usiku ndi njala yake
chinapeza mbuto yokha ndi phale la mphika.
Ndinaseka. Mulungu andikhululukire, ndinaseka.

Ulendo woyamba ndinali mkwatibwi wa miyezi isanu,
ndinalira ngati khanda lolandidwa bere.
Wachiwiri unatenga ng'ombe
ndi mtengo wa mango umene apongozi anabzala.
Wachitatu unatenga Anisur.
Anapita kukamasula mbuzi. Mbuziyo inabwera.
Za zimenezo sindinena zambiri.

Kuno ku Nazirpur nthaka ndi mlendo,
imafika m'chilimwe, mvula ikagunda yatsanzika.
Madzi saiwala khwawa, ife ndife amene timaiwala.

Namasupuni ndinkadana naye chiyambire ubwana,
chomera chopanda manyazi, chotseka njira ya bwato,
chobisa njoka ndi misundu.
Koma chaka chimene munda wa mpunga
unagona pansi pa madzi miyezi isanu ndi iwiri,
Shefali wa kutsidya, wa pakamwa pa tsabola uja,
anandiponyera chikwakwa, nati,
"Monowara, misozi yakoyo ikungowonjezera madzi.
Tsika."

Ndinatsika mpaka m'chiuno.
Tinakoka namasupuni ndi nsungwi, kumuunjika,
kumupondaponda mpaka zidendene zinang'ambika,
mulu pamwamba pa mulu, mikono makumi awiri m'litali,
kenaka n'kumusiya awole.
Fungo lake! Ndi akhwangwala omwe ankalambalala.
Pa zowola zimenezo ndinakhazika timibulu ta mbewu,
tonyowa, tating'ono ngati mazira a njiwa,
ndipo sindinapemphere, ndinali ndisanayanjane ndi kumwamba.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, bonongwe wofiira, tuu!
Kenaka therere, kenaka mphonda zokwawira pa nsungwi.
Madzi anakwera chikhatho chimodzi usiku,
munda nawo unakwera chikhatho chimodzi.
Anakwera mkono, munda unakwera mkono.
Ndinakhala m'bwato ndili kukamwa yasa,
ine amene ndinkayesa kuti chilichonse chimamira.

Musandiyese chitsulo.
Chinabwera chaka cha madzi amchere,
mbande zonse zinapsa ngati zathiridwa mafuta otentha,
wa ngongole ankafika Lachitatu lililonse ndi kabuku kake kobiriwira,
ine ndikudya mpunga ndi mchere ndi tsabola mmodzi.
Mmawa wina sindinadzuke. Ndi mmawa wotsatira womwe.
Chinandidzutsa si kulimba mtima ayi,
ndi bakha amene analowa m'nyumba n'kuyamba kujompha thumba la mbewu.
Ndinamuthamangitsa, ndipo poti ndinali nditaima kale,
ndinangopitirira kumadzi.

Tuhin amaimba foni kuchokera ku Dhaka,
mawu ake odzaza utsi ndi mabelu a njinga,
"Amayi, bwerani kuno, kumeneko mudzafera m'matope."
Ndimamuuza mtengo wa mphonda pamsika wa m'mabwato,
ndimamuuza kuti mizere tsopano yakwana isanu ndi inayi.
Za nsana sindimuuza,
kapena za zala zimene sizipindikanso kukazizira.

Dzulo wailesi yanena za namondwe wina.
Ndakhoma nsungwi zatsopano, zingwe ndamanga pawiri.
Wabwera Rupali, wamasiye wa masabata atatu,
maso otupa, mwana m'chiuno,
waima pagombe kuyang'ana madzi monga ndinkawayang'anira ine.
Mawu otonthoza ndilibe, anandithera kalekale.
Ndamulandira mwanayo, ndamukhazika m'bwato,
mayi wakeyo ndamupatsa chikwakwa.
Chigwiriro chake n'chosalala, chadya thukuta la anthu awiri.
Kumwera mitambo yada bii,
koma tili ndi maola atatu dzuwa lisanalowe,
ndipo namasupuni ndi wambiri.